Khunyu Imagwiranso Munthu Ali M'tulo

Anthu ambiri a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo amadziwa khunyu ngati nthenda yogwetsa munthu masana, pamsika kapena potunga madzi. Komatu alipo ena amene nthendayi imawagwira ali m'tulo kapena atangodzuka kumene. Mwana amadzidzimuka ndi mfuu, amauma thupi, napalasa miyendo monga wokwera njinga, kenaka amagonanso. M'mawa lilime lapezeka lolumidwa, mphasa yanyowa, mutu ukuwawa, mwiniwake sakumbukira kanthu. Makolo amati afiti anabwera usiku, nathamangira kwa woombeza maula. Apa mpamene nthawi yochiza imatayika.

Ubongo wa munthu umagwira ntchito ndi magetsi ochepa zedi. M'chaka cha 1924 dokotala wa ku Germany, Hans Berger, anayamba kuyeza magetsi amenewa, ndipo makina oyezerawo amatchedwa EEG. Makinawa aonetsa kuti munthu akagona magetsi a mu ubongo amasintha mayendedwe ake kangapo usiku umodzi. Kwa wodwala khunyu, nthawi yoopsa ndiyo ya tulo topepuka ndiponso pamene akutsitsimuka. Pamenepo magetsi aja amatha kubuka mwadzidzidzi ngati mphezi, thupi lonse nkugwedezeka. Palibe mfiti pa zimenezi. Kawirikawiri gwero lake ndi chipsera chotsala mu ubongo chifukwa cha malungo aakulu, nthenda youmitsa khosi, kuvulala m'mutu kapena kubadwa movutikira.

Makina a EEG sapezeka m'zipatala zazing'ono. Tsono mboni yeniyeni ya dokotala ndiye munthu amene amagona pafupi ndi wodwalayo. Iyeyu ayenera kuonetsetsa nthawi imene zayamba, kutalika kwake, ndiponso ngati zimachitika mofanana masiku onse. Atero, aperekeze wodwala ku chipatala cha Kawale, cha Area 25 kapena china chapafupi, kumene angathe kuwatumiza ku Kamuzu Central ngati kuli kofunika. Wodwala wopita yekha alibe chokanena, pakuti iye anali m'tulo.

Kusowa tulo kumautsa nthendayi. Nchifukwa chake munthu wa khunyu sayenera kukakamizidwa kuchezera pamaliro kapena pa mapemphero a usiku wonse, ndipo ntchito ya ulonda wa usiku siimuyenera. Mowa aupewe. M'miyezi yozizira mbaula isagone naye m'nyumba, popeza ambiri apsa nayo. Akagwidwa, amugoneke chammbali, asamuike kanthu m'kamwa, ndipo zikapitirira mphindi 5 athamange naye kuchipatala. Malovu ake sapatsira munthu nthenda.

Bungwe la WHO likuti mwa odwala khunyu 10 alionse, pafupifupi 7 angathe kuleka kugwa ngati amwa mankhwala monga phenobarbitone kapena carbamazepine tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Banja limene libisa nthenda ya usiku chifukwa cha manyazi likumana mwana wake mwayi umenewu. Safunsa anadya phula.