Levy mulipira, fungo mupuma

Amai na atate a m'misika, maka-maka imwe ogulitsa pafupi na madamu a sewer ku Garden: kasitoma angagule bwanji vitumbuwa atagwira mphuno? Madzi oipa ochokera ku Manchinchi akachuluka kupitirira mphamvu ya madamu, mpweya umatha m'madzi, matope amawola pansi, ndiye fungo lija la mazira owola. Mankhwala ake ni odziwika: kuchotsa matope na kukonza makina. Koma kolera ikabuka, monga mu January 2018, oyamba kuthamangitsidwa ndimwe, na masoja. Levy yeve siphonya tsiku. Khansala akabwera kupempha voti, mukhazikeni pa benchi yanu masana dzuwa likuswa, apumeko naye. Mumufunse: matope aja muchotsa liti?