Pulojekita kapena TV: mtengo weniweni umadza pambuyo

Alangizi oonetsa mafilimu a zaumoyo m'makomboni a tiyi ku Honde Valley ndi ku Chipinge, komwe kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi, amakopeka ndi pulojekita poti chithunzi chake chimadzaza khoma. Koma babu lake limatha pakadutsa maola 2,000 mpaka 5,000, ndipo latsopano silipezeka pagolosale. Magetsi a ZESA akathima mwadzidzidzi, fani imaima babu likadali lotentha, moyo wake n'kufupika. Pulojekita imafunanso mdima, chonsecho otchola tiyi amagona msanga kuti alawirire kumunda.

TV yopyapyala ya mainchesi 32 imadya mawati osakwana 60, kotero batire ya sola imailimba, ndipo imaoneka bwino ngakhale masana. Kuipa kwake n'kwakuti khamu likachuluka, okhala kumbuyo amangomva mawu okha.