Maganizo a Mkonzi: Ziwerengero Zoyendetsera Kampani

Lipoti la chuma la kumapeto kwa chaka limakhutiritsa a msonkho ndi eni masheya, koma woyendetsa kampani amafuna ziwerengero za mwezi uno: nthambi iti ikudya ndalama, iti ikubweza. Kampani ya General Motors itatsala pang'ono kugwa mu 1920, katundu atangounjikana osagulidwa, Donaldson Brown wochokera ku kampani ya DuPont anayamba kuyeza phindu la nthambi iliyonse poyerekeza ndi ndalama zoikidwamo. Otsutsa amati muyeso wotere umachititsa mamanijala kuleka kukonza makina kuti manambala aoneke bwino. Sakunama ayi. Koma cholakwika apa ndi kudalira muyeso umodzi, n'chifukwa chake mu 1992 akatswiri awiri, Kaplan ndi Norton, anawonjezapo miyeso ya makasitomala, kayendedwe ka ntchito ndi luso la antchito.