Tsache silisankha

Loweruka lina m'mawa, amayi ananditumizira uthenga wa pa WhatsApp womwe analandira kuchokera kwa mnzake wa msuweni wanga. Unali wa m'Chingerezi, wonena kuti mnyamatayo watengedwa pa sweeping exercise usiku wathawo. Pansi pake anajambula mawu awo: "Mwanawe, tandimasulire izi. Ine ndangomvapo zosesasesa. Ndiye kuti wapeza ganyu yosesa m'tauni eti? Bola, za chiwaya zija sizimamupindulira."

Ndinayamba ndaseka, koma kusekako sikunapite patali. Msuweni wanga sanali ndi tsache m'manja ayi. Anali m'chitokosi. Apolisi anamupeza panjira cha m'ma 10 koloko usiku akuchokera kogulitsa tchipisi, n'kumukweza m'galimoto limodzi ndi aliyense amene anali pamsewupo.

Amayi sanalakwitse. Tonsefe kupulayimale anatiphunzitsa kuti sweep ndi kusesa, basi. Chomwe sanatiuze n'chakuti liwu limeneli limavala malaya ambirimbiri.

Anyamata okonda mpira mukulidziwa kale. Sweeper ndi wotchinga kumbuyo amene amaima kuseri kwa anzake, n'kumachotsa mpira uliwonse womwe wawapulumuka. Franz Beckenbauer, kaputeni wa West Germany pomwe ankatenga chikho cha dziko lonse mu 1974, ndiye anatchuka kwambiri pamalo amenewa. Masiku ano Manuel Neuer amatchedwa sweeper keeper chifukwa chotuluka pagolo kukachita ntchito yomweyo.

Mukamva clean sweep, ndiye kuti wina wakokolola zonse osasiyako olo kamodzi. Filimu ya The Return of the King inapikisana m'magawo 11 a mphoto za Oscar mu 2004, ndipo inatenga onse 11. Mnzanu akakuuzani kuti bebi wina swept me off my feet, musayang'ane ngati wagwa: chikondi chamupenga. Pomwe nkhani ikaseseredwa under the carpet, akuluakulu aibisa dala kuti isamveke.

Pali tanthauzo lina lomwe Amalawi sitifuna kulimvanso. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, nkhani za m'Chingerezi zinadzaza ndi mawu akuti swept away. Ife timati kukokoloka. Nyumba, katundu, ana, zonse pamodzi.

Nditawaika pamodzi matanthauzo onsewa, ndinaona kuti ulusi wake ndi umodzi: kutenga zonse nthawi imodzi, osasankha. Ndi mmene tsache limagwirira ntchito. Mukasesa pabalaza, limatenga fumbi, makoko a mtedza, ndolo yomwe munataya ndi memory card ya foni yanu, zonse mulu umodzi. Kusankha kumabwera pambuyo, ngati alipo wofuna kuwerama.

Pa mpira ndi pa mphoto, zimenezi n'zokoma. Koma liwuli likagwera pa anthu, ganizani bwino: ngati apolisi akusesa, zinyalala ndi ndani? Usiku umene uja zinyalalazo zinali msuweni wanga, mafuta a tchipisi ali m'manja, limodzi ndi ena omwe mlandu wawo unali kupezeka panja mdima utagwa. Chichewa chathu sichibisa, timangoti agwidwa vakabu. Chingerezi ndiye chimaiveka nkhaniyo suti, imveke ngati ntchito yaukhondo.

Apa pali zomwe aliyense woyenda usiku ayenera kudziwa. Mu Januwale 2017, Khothi Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lomwe linkagwiritsidwa ntchito pomanga anthu pa vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Amene anakadandaula anali munthu wamba wogulitsa majumbo, yemwe anamangidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa malonda ake ku Limbe. Malamulo aakulu omwewo, pa gawo 42, amati womangidwa auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira m'chilankhulo chomwe amamva, ndipo afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, pokhapokha nthawiyo itathera pa tsiku lomwe makhothi sagwira ntchito.

Sindikunena kuti apolisi asamayende usiku. Akuba aliko, ndipo tonse timafuna kugona mtima uli m'malo. Koma wogwidwa agwidwe chifukwa cha zomwe wachita, osati chifukwa cha malo omwe tsache lamupeza.

Msuweni wanga anatuluka Lolemba popanda mlandu uliwonse. Mbatata zomwe anasenda zinali zitada, mpamba wa masiku atatu utapita. Nditawafotokozera amayi tanthauzo lenileni la uthenga uja, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa: "Ndiye azunguwo liwu losesera pakhomo ndi lomwelo lomangira anthu?"

Ndinati eya, ndi lomwelo.

"Mwanawe," anatero, "uziwerenga mauthengawa msanga."