Osema a ku Senga Bay angathe zoposa mvuu

Pamsewu wochoka pa boma la Salima kupita ku Senga Bay pali misasa ya ziboliboli, ndipo msasa uliwonse katundu wake ndi yemweyo: mvuu, njovu, ng'ona, mpando wa mfumu, bawo, mayi wosenza mtsuko. Manja amene asema zimenezi ndi aluso, palibe angatsutse. Koma kodi kuyambira ku Chipoka mpaka ku Khombedza, nkhani imene anthu a boma lino ali nayo ndi ya mvuu yokha?

M'mwezi wa Malichi 1989 chivomezi chinagwetsa nyumba zambiri kuno, anthu anafa, mabanja anagona panja. Pachilumba cha Mbenje, Mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950. M'midzi muli agogo amene anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani, komanso a Mboni za Yehova amene anazunzidwa mpingo wawo utaletsedwa mu 1967. Anthu amenewa akutha mmodzimmodzi, ndipo zimene anaonazo akupita nazo kumanda osazisema pamtengo kapena kuzijambula pakhoma. Zimenezi zimandiwawa.

Anzathu a kumwera chakummawa kwa Asia anakana kuiwala kotere. Vann Nath wa ku Cambodia anapulumuka kundende ya Tuol Sleng chifukwa a Khmer Rouge, amene ankalamulira dzikolo, ankafuna kuti aziwajambulira nkhope ya mtsogoleri wawo Pol Pot. Ulamulirowo utagwa mu 1979, iye anajambula mmene akaidi anzake ankazunzidwira, ndipo zithunzizo anazipachika m'ndende momwemo kuti aliyense aone. Htein Lin wa ku Myanmar anamangidwa pa zifukwa zandale kuyambira 1998 mpaka 2004, ndipo posowa chojambulapo ankagwiritsa ntchito zovala zakale za akaidi. Amene amandikhudza kwambiri ndi Dinh Q. Lê wa ku Vietnam, yemwe anamwalira mu 2024. Iye ankadula zithunzi za nkhondo ya kwawo ndi za m'makanema a ku America n'kuziluka pamodzi, potsata kalukidwe ka mikeka kamene anaphunzira kwa azakhali ake. Luso lomwelo lili m'manja mwa amayi oluka mlaza kuno kunyanja. Ife tinangolisiya kuti likhale loyanikirapo ufa.

Wina anena kuti zoterezi n'zachilendo, kuti luso lathu sililowa ndale. Ameneyo apite ku Mua, kufupi konkuno m'boma la Dedza, akaone zilombo za Gule Wamkulu zimene zasungidwa ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Mwa zilombozo, Simoni wa nkhope yofiira uja ndi mmene makolo athu anamuonera mzungu, ndipo anamuvina pabwalo atsamunda adakali m'dziko muno. Samson Kambalu, mwana wa dziko lino, anatsata njira yomweyo mu 2022 pamene anaimika chiboliboli cha John Chilembwe pa Trafalgar Square ku London, atavala chipewa pafupi ndi mzungu John Chorley, zimene munthu wakuda sankaloledwa kuchita. Anthu a ku London anachiona tsiku ndi tsiku. Mwana wasukulu wa ku Lifuwu akachiona kuti chotere?

Wosema sindikumuimba mlandu. Ali ndi ana ofuna fizi, ndipo amasema chimene chimagulidwa. Mlendo wodzaona nyanja akafuna mvuu yokwana m'chikwama, mvuuyo aipeza. Mlandu uli ndi ife Amalawi amene tili ndi kangachepe m'thumba koma sitigula. Pafupifupi sabata iliyonse akuluakulu a boma ndi a mabungwe amadzaza mahotela a m'mbali mwa nyanjayi ndi misonkhano yokamba za ufulu wachibadwidwe ndi ulamuliro wabwino. Amalandira ma alawansi, amagula chambo ndi mpunga, n'kudutsa misasa ija magalasi a galimoto ali otseka. Eni mahotela nawonso amakongoletsa makoma ndi zithunzi za bwato dzuwa likutuluka, poopa kuti china chingakhumudwitse mlendo kapena bwana wina.

Mantha amenewa oimba anawagonjetsa kale. Lucius Banda anaimba za mavuto a anthu wamba maboma akusinthana, ndipo Sand Music Festival imene anayambitsa yasonkhanitsa makamu pamchenga wa Senga Bay womwewu. Ngati khutu la Mmalawi limapirira choonadi, diso lakenso lingathe.

Khonsolo ya Salima iyambe ndi chinthu chimodzi. Mu 2029 chivomezi chija chidzakwanitsa zaka 40. Iitane osema, ojambula ndi oluka a boma lino, iwatume kumidzi kukamva kwa amene anapulumuka, iwalipire mtengo woyenera, ndipo chimene apange chikaikidwe pafupi ndi msika, pamene anthu oyenda pansi ndi a kabaza amadutsa.