Mchere wa ayodini tikudya, nanga ayironi ali kuti?

Asisi, lero tikambe za kutopa. Kutopa kuja kodzuka nako m'mawa ngati sunagone n'komwe, kuzizidwa anzako akuti kwatentha, tsitsi kuthothokera pa chipeso, mutu kulemera m'kalasi kapena ku ntchito. Kutauni timangoti ndi stress. Ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma, mtsikana wotere amatchedwa mlesi, ndipo akakhala mtengwa nkhani imakafika mpaka kwa ankhoswe. Ife tikuti asanaweruzidwe, ayambe wayezedwa magazi.

Kutsogolo kwa khosi kuli kachiwalo kooneka ngati gulugufe, chithokomiro. Ambiri timachidziwa pokhapokha chikatupa. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amaongolera liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugaya chakudya, msambo, ngakhale kaganizidwe. Kuti chipange mahomoniwa chimafuna ayodini, n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 Malawi inakhazikitsa lamulo loti mchere wogulitsa uzikhala ndi ayodini. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza mchere wotere m'mabanja pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Apo tinachita bwino ndithu.

Koma ayodini payekha sapanga kanthu. Mkati mwa chithokomiro muli enzyme yotchedwa thyroid peroxidase, imene imatenga ayodini uja n'kumulumikiza pomwe akufunika kuti homoni ipangike. Enzyme imeneyi imayendera ayironi, yemweyo amene amafiiritsa magazi athu. Ayironi akachepa, nayo imafooka. Zili ngati wafika kuchigayo ndi chimanga chako chabwinobwino koma magetsi azima. Chimanga chilipo, ufa palibe.

Izi zinaoneka poyera ku Côte d'Ivoire. M'kafukufuku wofalitsidwa mu 2000, Michael Zimmermann ndi anzake anapatsa ayodini ana amene onse anali ndi chithokomiro chotupa. Patatha masabata 30, mwa ana amene magazi awo anali okwanira, 12 okha pa 100 alionse ndi amene anali akadali ndi chotupa. Mwa ana operewera ayironi ndi magazi, 64 pa 100 anali nachobe. Ayodini yemweyo, mlingo womwewo. Ana operewera ayironi atapatsidwa mapiritsi ake, zotupa zija zinayamba kuphwa bwino.

Tsono tione kwathu kuno. Kafukufuku yemwe uja wa 2015-16 anapeza kuti mkazi mmodzi mwa atatu a zaka 15 mpaka 49 ali ndi magazi ochepa, ndipo mwa oyembekezera anali 45 pa 100 alionse. Si onse amene vuto lawo ndi ayironi ayi. Malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo nazo zimamaliza magazi. Koma mkazi amataya magazi mwezi ndi mwezi, motero amafuna mamiligalamu pafupifupi 18 a ayironi patsiku pomwe mwamuna amafuna 8 basi. Akakhala ndi pakati, 27.

Chomvetsa chisoni n'choti mavuto awiriwa amakokerana pansi. Chithokomiro chikafooka, msambo umatha kuchuluka. Msambo ukachuluka, ayironi amatayika wambiri, chithokomiro n'kufookeratu. Ndipo nkhani ya kumwezi ndi ija tinaphunzitsidwa kuinong'ona. Mtsikana akusintha padi kapena nsalu ola lililonse, akusamba kupitirira masiku 7, akutaya magazi oundana, koma akamuuza mayi ake kapena azakhali amamva kuti "ndi ukazi umenewo, pirira." Ayi, amama. Amenewo ndi matenda, ndipo ali ndi mankhwala.

Kwa woyembekezera nkhaniyi ndi ya anthu awiri. Miyezi yoyambirira mwana sanayambe kupanga mahomoni akeake, ubongo wake umakula podalira a mayi ake. Koma miyezi imeneyi ndi yomwe ambiri timabisa mimba, ena poopa anthu oipa, ena poopa sukulu kapena abwana, mpaka kukayamba sikelo mimba itaoneka kale. Mapiritsi owonjezera magazi aja amaperekedwa kusikelo amayenera kuyamba msanga, ndipo amamwedwa tsiku lililonse.

Chimene chimatiwawa ife ndi ichi. Nthaka ya ku Nsaru ndi madera oizungulira imabala soya, mtedza ndi nyemba, zakudya zimene zili ndi ayironi. Nthawi yokolola matumba amakwera magalimoto kupita ku Lilongwe, pakhomo n'kutsala nsima yambiri ndi kandiwo kongonyowetsera. Amene analima, kupalira ndi kumenya soya uja ndi yemwe akuona chizungulire pamjigo. Nkhuku ikaphedwa, chiwindi ndi nthutumba zimadziwika mbale yake, ndipo si mbale ya mtsikana amene ali kumwezi. Chonsecho chiwindi ndi chimodzi mwa zakudya za ayironi wambiri, wolowanso m'thupi mosavuta. Pali ngakhale malo amene woyembekezera amaletsedwabe mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Tsitsi, eti!

Ife a m'tauni tisadzione ngati tapulumuka. Tiyi ndi buledi m'mawa, tchipisi ndi chakumwa chozizira masana, madzulo tatopa tagona. Tiyi yemweyo akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatchinga ayironi kulowa m'thupi, choncho ndi bwino kumupatsa ola limodzi kapena awiri. Chimanga ndi nyemba nazo zili ndi zinthu zimene zimagwira ayironi, koma vitamini C amamasula: finyirani ndimu pa bonongwe kapena chisoso, idyani gwafa kapena malambe mukatha nsima, musanyoze usipa ndi matemba. Ndipo pa Chitedze pomwepa, mumsewu wa ku Mchinji, akatswiri a zaulimi akhala akugwira ntchito pa nyemba za ayironi wochuluka monga NUA45. Mlangizi wa zaulimi afunsidwe za mbewu imeneyi, ndipo ikakololedwa ina itsale pakhomo.

Mukapita kuchipatala, kaya ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula kapena kuno kutauni, pemphani kuti akuyezeni Hb ndipo nambala yake ilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Pansi pa 12 ndi magazi ochepa kwa mkazi wosayembekezera, pansi pa 11 kwa woyembekezera. Dziwaninso kuti ayironi wosungidwa m'thupi amatha kutha Hb isanatsike, ndipo chimene chimaonetsa zimenezo ndi ferritin. Ngati magazi akwera koma kutopa, kuzizidwa ndi kudzimbidwa sizikusintha, kapena khosi layamba kutupa, funsani za TSH, kuyeza kwa chithokomiro. Kumeneku kumachitika m'zipatala zazikulu ndi m'malabotale a m'tauni, ndiye mtsikana wa ku Nsaru amafunika kalata yomutumiza ndi ndalama ya minibasi. Ku Unduna wa Zaumoyo pempho lathu ndi loti mkazi wodandaula kutopa kosatha kapena msambo wochuluka aziyezedwa Hb kuchipatala chakwawo komweko, asanapatsidwe panado n'kubwezedwa.

Musathamangire kugula mapiritsi a ayironi musanayezedwe. Ayironi wochuluka amawononga, ndipo mwana wamng'ono akawameza ambiri akhoza kufa, choncho asungeni patali. Mukapatsidwa ndi dokotala, chimbudzi chikada musadabwe, ndi momwe amachitira. Musasiyire panjira chifukwa mwayamba kumva bwino, nthawi zambiri amapitirizidwa miyezi itatu Hb itakwera kuti nkhokwe idzadze. Amene muli pa levothyroxine, mankhwala a chithokomiro, musamwere limodzi ndi a ayironi chifukwa amatchingana. Siyanitsani ndi maola 4.