MUBAS kapena MUST? Wosamuka ayambe wafunsa chaka chimene akayambire

Nkhani yosamuka sukulu ikabuka m'magulu athu a WhatsApp, mkangano wake umakhala womwewomwewo. A ku Poly amati akhala akusula mainjiniya kuyambira kalekale, a ku MUST amati tsogolo lili kwawo. Mnzathu wofunsa uja, amene ali ndi dipuloma m'manja kapena waphunzirako zaka ziwiri kwina, amatsala wosathandizidwa. Maganizo anga ndi akuti wosamuka asayambe ndi dzina la yunivesite. Ayambe ndi funso ili: akandilandira, ndikayambira chaka chanji?

Mbiri ya sukulu ziwirizi tonse tikuidziwa. Polytechnic inayamba mu 1965, inali nthambi ya University of Malawi, ndipo mu 2021 inaima payokha n'kukhala MUBAS. MUST ndi yachichepere: lamulo lake linadutsa mu 2012, ndipo ophunzira oyamba anafika ku Ndata, m'boma la Thyolo, mu 2014. Koma mbiri sikulipirirani fizi ya chaka chimene mwabwereza.

Ife a zauinjiniya tikudziwa kuti makosi athu amasanjikizana ngati njerwa. Sungaphunzire za mphamvu ya zitsulo ndi konkire usanakhoze masamu ndi mekaniki a m'munsi. Sukulu imodzi ikhoza kuika kosi m'chaka chachiwiri, ina n'kuiika m'chachitatu. Kosi imodzi yokha ya maziko ikakanidwa, imagwira ena onse amene amadalira iyo, ndipo digiri ya zaka 5 imasanduka ya zaka 6. Chaka chimenecho ndi fizi, lendi, chakudya, thiransipoti, komanso malipiro a chaka chonse amene mukanalandira mutayamba ntchito. Kunyumba mwina kuli mng'ono wanu amene akudikira kuti inu mumalize kuti naye alipiriridwe.

Choncho tengani transikiripiti yanu pamodzi ndi mapepala ofotokoza zimene munaphunzira m'kosi iliyonse, mukaonane ndi mkulu wa dipatimenti ku sukulu zonse ziwiri. Pemphani kuti yankho lawo lilembedwe: makosi amene awavomera, amene mubwereze, ndi chaka choyambira. Mawu apakamwa a mnzanu wa chaka chachinayi sakagwira ntchito ku ofesi ya rejisitala. Ngati muli pa ngongole ya HESLGB, funsaninso kumeneko musanasamuke kuti mudziwe chimene chichitike ndi ngongole yanu. Safunsa anadya phula.

Mukadziwa zaka, funso lachiwiri ndi la mtundu wa uinjiniya umene mukuufuna. Wofuna misewu, milatho, magetsi kapena makina akapeza madipatimenti okhazikika ku MUBAS. Wofuna uinjiniya wa makemikolo, umene umafunika m'mafakitale ngati a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ayang'ane ku MUST. Za zitsulo ndi za zipangizo za m'chipatala zimaphunzitsidwa konsekonse, ndiye apa m'pofunika kuyerekeza makosi mmodzimmodzi. Ndi nkhani za migodi ya Kayelekera ku Karonga ndi Kangankunde ku Balaka, ambiri akuthamangira za miyala ndi zitsulo, koma onetsetsani ngati pulogalamuyo ikutsamira pa kukumba kapena pa kuyenga, chifukwa ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Malo nawo ali ndi mtengo wake. MUBAS ili ku Chichiri, pakati pa Blantyre. Chipatala cha Queen Elizabeth chili pafupi, mafakitale a ku Makata ndi ulendo wa minibasi, likulu la ESCOM lili mumzinda momwemo. Kusaka atachimenti kumapepukako. Koma ophunzira ambiri amachita lendi ku Chitawira, Zingwangwa kapena Ndirande, ndipo ndalama ya m'tauni sichedwa kutha. Ku Ndata kuli phee, koyenera kuwerenga, koma kukagogoda pa makomo a makampani kumafuna ulendo. Werengetsani zonsezi pa pepala, mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi amene amakulipirirani.

Ena anena kuti dzina lili ndi ntchito, ndipo sindikutsutsa. Mainjiniya ambiri akuluakulu m'dziko muno anadutsa pa Poly, ndipo kukhala ndi akulu anu m'makampani kumathandiza pofuna ntchito yoyamba. Ngati sukulu zonse zakupatsani chaka chofanana ndi pulogalamu yofanana, mfundo imeneyi iikeni pa sikelo. Koma kutaya chaka chathunthu chifukwa cha dzina lokha, ine sindikuona nzeru yake. Tikamaliza tonse timakalembetsa ku Malawi Engineering Institution, ndipo pa saiti kapitawo amangofuna kuona ngati mumatha kuwerenga pulani ndi kupeza chimene chavuta pa makina.

Komanso tisaiwale kuti wosamuka amafika pamene anzake anapanga kale magulu owerengera, amadziwana ndi malekichara, ndiponso amadziwa kumene kumapezeka mapepala a mayeso akale. Musanasankhe, pitani mukaone labu ndi maso anu, mucheze ndi ophunzira a chaka chimene mukalowe, muwafunse kuti pa chipangizo chimodzi amagwirapo anthu angati. Ndalama ya ulendo wa tsiku limodzi wopita ku Thyolo kapena ku Chichiri ndi yochepa poyerekeza ndi ya semesita yobwereza.

Makalata awiri aja akabwera, ayaleni patebulo. Imene ikukufikitsani msanga pa digiri ya ntchito imene mukuifunadi, pa ndalama zimene banja lanu lingakwanitse, ndiyo sukulu yanu.